Mayina Asanathe Kudutsa

Ku Chinamwali, kuseri kwa chigayo cha Che Ajusa,
kuli chinyumba cha malata chomwe timati holo.
Ine ndine wapakhomo. Ndimatolera mahandiredi,
ndimakoka chinsalu chakuda
kuti dzuwa lisaonere nawo ulele.

Chingerezi changa chinathera Sitandade sikisi,
koma mayina aja oyamba,
oyenda pagalasi nkhani isanayambe,
ndimawawerenga monga mayi anga amawerengera nkhungu
ikamatsika phiri kulunjika ku Matawale.
Sindifunsa kuti dzinali ndi la yani.
Ndimangoona kayendedwe kake.

Zilembo zikabwera zofiira, zikukha ngati chilonda,
chitseko chikulira penapake popanda wochikankha,
ndimauza ana a pabenchi yakutsogolo:
tulukani msanga, usiku uno munyowetsa mphasa.
Satuluka. Amangogwirana malaya.

Zikagwa ngati zitsulo, phi! phi!
ng'oma ikugunda mpaka m'nthiti,
anyamata a kabaza amakhala bwino,
adziwa kuti wina athyoka chibwano
chimanga chawo chootcha chisanazizire.

Zina zimadza zoonda, zopendekera,
ngati kalata yobisidwa m'kope la masamu,
kumbuyo limba likulira mosafulumira.
Apo Asiyatu wamandasi amandisiyira beseni,
nalowa, nakhala pakona pake,
nsonga ya chitenje ili kale pafupi ndi maso.

Ndinkadzitama nazo, ndisaname.
Ndinkabetcha ndi Lifa wajenereta botolo la fanta
kuti ndinena mathero mayina asanathe kudutsa.

Ndiye Lachisanu lina, mvula ikumenya malata,
tinaika filimu yopanda chikuto.
Zilembo zoyera, zazing'ono, pamdima.
Nyimbo ayi. Ng'oma ayi.
Mphepo chabe, ndi basi ikuchoka pa depoti
m'dziko lina lozizira, munthu mmodzi ataima, osabayibitsa.
Lifa anandigunda ndi chigongono: nena tsono.
Kukamwa kunandiuma.
Kumbuyo ena anayamba: bwezani ndalama zathu!

Ine ndinali nditachoka kale m'holomo.
Ndinali pa depoti ya Zomba, chaka chija,
mkulu wanga Twaibu akukwera ulendo wa ku Joni,
chikwama chobwereka, nsapato zanga kumapazi kwake.
M'mawa umenewo sunalembe chilichonse m'mwamba.
Makondakitala ankakuwa za Limbe monga mwa masiku onse,
mayi wina ankatsatsa mapichesi a kuphiri.
Pakanadutsa chilembo chimodzi chofiira,
pakanalira ngakhale kalimba kamodzi,
ndikanamugwira dzanja.
Ndinangoti, ukanditumizire foni.

Magetsi anazima dzina lomaliza lisanafike.
Jenereta inakana, mafuta munalibe.
Ndinabweza mahandiredi m'modzim'modzi,
Asiyatu anasenza beseni lake osandiyang'ana.

Filimu ija sindinaionenso, mwini wake anadzaitenga.
Fanta ndinamugulira Lifa.
Masiku ano mayina akayamba kuyenda
ndimawerengabe, dzanja lili pachinsalu,
koma mwana akandifunsa kuti amalume, iyi ndi yotani,
ndimati khala pansi, tione.