Khutu Silinapume Pantchito

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkachuna mapiyano,
kuyambira ku Ponce mpaka matchalitchi a m'mapiri a Adjuntas muno.
Maso anatha. Mawondo anatha.
Khutu lokha ndilo linakana kupuma pantchito.

Ndiye inveta yathu itasintha mawu
ndinaimva ndisanaione.
Chiigulireni, chaka chija namondwe anazula mapolo
n'kutisiya miyezi isanu tikununkha makandulo,
inkang'ung'uza liwu limodzi, lotsika, losatekeseka,
ngati munthu amene akusita zovala ali yekha.

Lachiwiri inayamba zina.
Dzuwa likamayandikira paliwombo, kamawu kowonda,
tswiii, udzudzu wotsekeredwa m'botolo,
kenako khethe, khethe,
zii.
Nambala ya batire n'kuima pa 71
ngati bulu amene wakana mlatho.
Dzuwa lili phwee pamapanelo khumi,
iyo yati ndakhuta.

71 safika m'mawa.
Ndinawerengera kuseri kwa envulopu ya mankhwala:
furiji, getsi la pakhonde,
ndi makina a mpweya a Migdalia
amene amamugwirizira chifuwa usiku wonse.
Magetsi a kampani akathima madzulo,
monga amachitira mtambo ukangotsokomola,
pofika mbandakucha tatsala m'manja mwa Mulungu.

Ndinazimitsa. Ndinayatsa.
Ndinakwera padenga ndi mopu,
mwana wa a Quiñones atandigwirira makwerero uku akunditukwana chamumtima.
M'fani ndinapezamo chisa cha mavu, chouma gwa.
Nditachichotsa, kulirima kunachepa,
koma kamawu kaja kanabwera pa nthawi yake,
osachedwa, ngati wokhometsa ngongole.

Yaritza anafika Lachisanu, mita yachikasu m'thumba la ovolosi.
Anapima apa, anapima apo.
"Don Evaristo, zonse zili m'malo.
Mwina ndi achule. Mwina, pepani, ndi zaka."
Ndinati, mwanawe, achule a kuno ndimawadziwa,
amaimba manotsi awiri, ndipo amaimba usiku.
Ili ndi lachitatu. Khala pansi, ulidikire.

Tinamwa khofi, makapu awiri.
Nthawi itatsala pang'ono kukwana 12, kanayamba.
Iye sanamve kanthu.
Ndinatenga sikuludiraiva, nsonga pachivundikiro,
chigwiriro pakhutu lake,
n'kumaisuntha pang'onopang'ono, kutsikira kumunsi,
mpaka nsidze zake zinakwera.

Anazimitsa zonse asanatsegule.
Nati imodzi, pawaya wofiira wopita ku batire,
yokhwepa, yodetsedwa ndi moto wosaoneka,
pulasitiki yake itakwinyika ngati khungu la pachigongono.
"Mphamvu ikachuluka, mfundo iyi imatentha," anatero,
"voteji imakwera pano, isanafike uko,
inveta n'kuyesa kuti batire yadzaza."
Sinali kunama, kani.
Inkanamizidwa.

Anapala, anasintha kachitsulo, anamanga.
Pomaliza sipanala inangotembenuka pang'ono chabe,
muyeso womwewo umene ndinkapotoza msomali wa piyano
kuti kwaya yonse isiye kuimba mopendama.

72. 80. 93.
Isanakwane 3 koloko, 100,
ndipo liwu lakale lija linabwerera pamalo pake.
Yaritza analandira ndalama ndi phava la nthochi,
nafunsa, akuyang'ana kumbali,
ngati Lolemba ndingamuperekeze ku Utuado:
kuli nyumba ina, bokosi lina,
phokoso limene mita yake ikulikana.

Usikuwo magetsi anathima 8 koloko, mwa chizolowezi.
Ndinagona chagada ndikuwerenga:
achule kunja, manotsi awiri;
makina a Migdalia, kukoka, kutaya;
inveta kuseri kwa khoma, yotsika, yosatekeseka.
Lachinayi ndinalifunafuna. Kunalibe.
Ndinalifunabe.

Mumdimamo dzanja lake linapeza langa.
"Evaristo, gona," anatero, mawu akudutsa m'kapaipi,
"ukumvetsera mokweza kwambiri."