Chitini cha Girizi

Chikepe chathu chimakwera phiri la Artillería
m'masekondi makumi asanu ndi atatu.
Zaka khumi ndi chimodzi ndikuchikonza, sindinawerengepo.
Mwezi uno ndawerenga,
poti mawu anga ayenera kukwana m'menemo.

Poyamba anali mapepala awiri.
Ndinaikamo nyanja, ndinaikamo mwezi.
Baldomero atamva anaseka mpaka kutsamwa ndi buledi:
"Eleodoro, mkazi wogulitsa nsomba ku Caleta Portales
ukamuuze za nyanja?
Amabwera nayo kunyumba m'zikhadabo."
Ndinafufuta nyanja. Mwezi unatsatira.
Yatsala mizere itatu, ndipo wachitatu ukutsimphina.

Tinapangana chonchi:
Lachisanu, ulendo womaliza wa madzulo,
Ximena akamaweruka, jombo zake zili m'thumba,
Baldomero aimitse chikepe pakati pa phiri,
pomwe madenga onse a Valparaíso amaoneka,
a dzimbiri ndi opaka utoto,
ndi sitima zogona padoko zitayatsa nyali.
Ine ndinamizire kufufuza chavuta,
ndigwade ngati ndikusuzumira chingwe,
ndipo bondo likafika pansi, lafika basi.

Ndakhala ndikuyeserera mbandakucha, m'chikepe mulibe munthu.
Matabwa ake amalira.
Bondo langa lamanzere limalira kuposa matabwa.
Tsiku lina kunadutsa kachivomezi, tija tazolowera kuno,
ine nkumayesa ndi mtima wanga.

Mphete ndinalipira miyezi inayi.
Kunyumba sindikanaisunga,
mlongo wanga Fresia amanunkhiza chinsinsi ali pakhomo.
Ndinaikulunga m'kapulasitiki, nkuimiza m'chitini cha girizi.
Ndani amatsegula chitini cha makaniko?

Lolemba Ximena anatulukira kuntchito kwanga.
"Chitseko changa chikulira usiku, aneba akudandaula.
Undibwereke girizi."
Ndinali chagada pansi pa gudumu, sipanala m'kamwa.
Ndinaloza shelefu ndi phazi.
Panali zitini ziwiri.

Ndinazindikira atatsika kale masitepe onse.

Lero ndi Lachinayi. Sananene kanthu.
Dzulo anandiitana kukadya msuzi wa nsomba,
chitseko chinatseguka chete ngati mphaka.
Chitini chili pawindo, chotsekedwa bwinobwino,
chopukutidwa mpaka kuwala.
Ndinayang'ana zala zake: mabala a minga ya nsomba, basi.
Anandipatsira mchere ndisanapemphe.
Potsuka mbale ankang'ung'udza kanyimbo,
iye amene saimba ngakhale kutchalitchi.

Kodi anangokanda pamwamba?
Kodi anapisa chala mpaka pansi?
Usiku wonse ndayeza m'mutu
kuchuluka kwa girizi wofunika pa mahinji awiri.

Baldomero akuti, "Nanga tiimitsebe?"
Ndati imitsa.
Ndigwada ndi thumba lopanda kanthu,
manja akudawa ndiwatambasula momwe alili,
ndinene mizere yanga itatu, wotsimphinawo pomaliza.

Pondiperekeza dzulo, anaima pakhomo,
akukankha chitseko uku ndi uku, kumvetsera kusalira kwake.
"Lachisanu ndikwera chomaliza," anatero.
"Chitini chako ndibwera nacho.
Umuuze Baldomero kuti ndimachita chizungulire,
asachiimitse nthawi yaitali."