Mpando wa Bambo ku Valparaíso

Loweruka lililonse, chikepe cha paphiri chisanayambe kulira,
ndimatsekula zenera pang'ono chabe.
Mphepo ya kudoko imabwera itasenza mchere,
ndipo mchere sufunsa kuti chikopachi n'cha yani.

Ndimayamba ndi sofa wa amayi, wansalu yobiriwira,
poti ndiye sachedwa kukwiya.
Bulashi yofewa, motsata ulusi, osati mopingasa.
Makhushoni ndimawatembenuza ngati odwala m'chipatala
kuti mbali imodzi isavutike yokha.
Pakona pali chipsera cha vinyo wa paukwati wa Fresia:
azakhali anathamangira chiguduli,
n'kukhula, n'kukhula,
vinyo n'kuthawira mpaka m'thonje.
Amayi anangoti, "Chotayika sachikhula.
Umagoneka nsalu youma pamwamba, n'kudikira imwe."
Mawuwo ndinadzawayesa pa mwamuna wanga
patapita zaka khumi ndi ziwiri.
Theka la banga linachoka.

Kenako mpando wa bambo.
Chikopa cha ng'ombe za ku Osorno, chakuda ngati khofi wosathira mkaka,
mikono yake yoyererako pomwe zigongono zinkagona.
Ndimaukoka mapazi atatu kuchoka padzuwa,
mapazi atatu kuchoka pambaula ya parafini.
Bambo ankati, "Ili ndi khungu, Herminia,
siliiwala kuti linali ndi moyo. Limamva ludzu."
Ndiye ndimalimwetsa: phula la njuchi pansonga ya chala,
koyamba kumbuyo, kosaoneka, kuti ndione ngati likuvomera,
kenako mozungulira, mozungulira,
mpaka ming'alu ing'onoing'ono itatseka pakamwa.
Madzi ambiri ayi. Sopo wochapira mbale ayi.
Mkwiyo ayi.

M'mphako ya pakati pa msana ndi pokhalira
dzanja langa lakhala likukolola kwa zaka zisanu:
batani la jekete ya kudoko,
domino ya madontho anayi ndi limodzi
imene anzawo anaifuna mpaka kutukwanizana,
tikiti ya chikepe yosabooledwa.
Ankapita kuti tsiku limenelo, n'kusintha maganizo?

Mwezi wa Juni, chinyontho chitakwera makoma,
malamba apansi anaduka, phwa!
Ndinaitana Don Eleodoro, mmisiri wa mipando,
amene amalankhula misomali ili m'kamwa.
Anaugadabuza mpandowo ngati kamba,
nagogoda thabwa, nanunkhiza, nagwedeza mutu.
"Mafupa ndi abwino," anatero.
"Koma dzenje ili, apa pokhalira,
ndilidzaze ndi ubweya wa hatchi, likhala ngati latsopano."

Ndinaliyang'ana dzenjelo.
Lapendekera kumanzere, poti mwendo wamanja unkawapweteka.
Zaka makumi atatu za nyuzipepala ndi wailesi,
za kuwerenga sitima zolowa padoko
ngati kuti wina adzawafunsa chiwerengero.
"Malamba okha," ndinatero.
Analavulira misomali m'dzanja: "Mulipira chimodzimodzi."
"Ndikudziwa."

Mphaka ndamugulira chipika chake chokanda,
komabe amasuzumira mwendo wa sofa ngati mbala yolapa.

Lero mdzukulu wanga Maite wakwera pampandopo
ndi buledi wopaka peyala ndi kapu ya mkaka.
Wamira m'dzenje la agogo ake aakulu, miyendo ili m'mwamba,
naye wapendekera kumanzere osadziwa chifukwa.
Sitima yalira kumunsi, iye watembenuka,
mkaka khuthu! pamkono wa mpando,
ukutsika mumsoko, ukufunafuna polowera.

Dzanja langa lathamangira chiguduli
ngati la azakhali aja.
Ndaligwira ndi linzake.

Maso a mwanayo adzaza kale, akudikira bingu.
Ndamupatsa nsalu youma.
"Igoneke apa. Usakhule. Ingodikira."
Tadikira tonse awiri, mutu wake pamimba panga,
nsalu ikulemera pang'onopang'ono.
Mawa pakauma tidzapaka phula,
chala chake pansi pa changa.