Wa Fotokope Akumbukira Dona Zeferina

Anafika Lachitatu, magetsi a ku Ulongwe atapita osatsanzika,
mapepala ali m'jumbo ya shuga.
Anati, "Achimwene, tsamba limodzi n'zingati?"
Ndinati mametikali awiri.
Anamasula mfundo ya chitenje, n'kuwerenga ndalama kawiri,
ndipo anati tiyambe ndi theka la buku,
theka linalo lidikire malipiro.

Masana ankadinda ziphaso pa chipata cha Zobuwe.
Usiku ankatembenuza mafomu otayidwa
n'kulemba kumsana kwake,
moti tsamba lililonse linali ndi nkhope ziwiri:
kuno dzina la dalaivala ndi matumba a simenti,
uko mayi wogulitsa zithunzithunzi za anthu
kunsi kwa mlatho wa ku Tete,
cha mwana chotchipa,
cha munthu wangongole chodula, poti n'cholemera.

Ine yanga inali kudina batani basi.
Koma kuwala kukamakwawa pansi pa galasi
diso limaba mzere umodzi, kenako iwiri.
Tsamba lina ndinalikopera kasanu
kuti ndione ngati mayi uja anagwidwa.
Inki ndinalipira ndekha.

Buku lachiwiri linali la sitima ya malasha ya ku Moatize
yokhala ndi bogi imodzi yosawerengedwa m'kaundula,
momwe akufa osamutsidwa manda
amakhala atapanira mitanda yawo m'khwapa,
n'kumafunsa pa siteshoni iliyonse: "Kodi tafika?"
Mkulu wa mpingo anabwera pa shopu panga
kudzandichenjeza kuti makina anga akuswa ufiti.
Anagula limodzi, akuti la umboni.
Patatha sabata anatuma mwana kudzafunsa ngati lachitatu latuluka.

Linatuluka, patapita zaka zinayi ndi maliro awiri.
La kondakitala wa shapa ya pa msewu wa Tete
amene sabweza chenji cha ndalama, amabweza masiku:
wina amatsika ndi Lolemba lowonjezera,
wina amapeza kuti Disembala yense wasowa m'thumba.
Tinasoka mabuku makumi asanu ndi limodzi ndi ulusi wa matumba a mbatata.
Ena anagulidwa, ena anabwerekedwa mpaka kalekale,
limodzi ndinalipeza pamsika likukulunga usipa,
ndipo wogulitsayo anandiuza mathero ake osaphonya.

Kalata inabwerapo yochokera ku likulu.
Inati nkhani n'zabwino,
koma azilembe m'Chipwitikizi, ndipo akufa achepeko.
Dona Zeferina anaseka mpaka kutsokomola.
Anati, "Ndiwauze kuti atsike sitima pakati pa tchire?"
Anaitembenuza kalatayo.
Kumsana kwake kunali koyera bwino.

Maso anayamba kuchita nkhungu chaka chimene anapuma ntchito.
Zilembo zinakula ngati nyemba, kenako ngati mazira a nkhanga,
mawu asanu kudzaza tsamba.
Sindinamuuze kuti mtengo wa pepala wakwera.

Tsopano ali ku Domwe kwa mchemwali wake,
amasankha mbewu ya mbatata ndi zala,
yowola amaidziwa ndi fungo.
Buku lachinayi lili m'kabati mwanga muno,
masamba makumi anayi ndi limodzi,
la mzinda umene umasamuka usiku anthu ali m'tulo.
Limathera pakati pa chiganizo:
"Atatsegula chitseko m'mawa, anapeza kuti"

Ndinapitako mwezi wa Juni, mphepo ikuluma makutu,
kukafunsa kuti anapeza chiyani.
Anati, "Inu mwawerenga kangati?"
Ndinati sindikudziwa.
Anati, "Ndiye mukudziwa kuposa ine,"
n'kundipatsira mbatata m'jumbo ya shuga.

Pobwerera kondakitala anandiponyera chenji m'dzanja.
Ndinachiwerenga bwinobwino, kawiri.
Chinali ndalama chabe.
Komabe nditafika pa shopu
ndinayamba ndafunsa mnyamata wogulitsa mayunitsi
kuti lero n'lachingati.