Mabeseni Awiri pa Luchenza

Mayi Khoromana, anamwino a pachipatala,
amandipimira sopo wawo ndi chivindikiro cha botolo.
Zitatu basi, Elube, usawonjezere,
ameneyu ndi wa pa wailesi uja,
mtengo wake ungagule nkhuku yathadzi.
Papaketi pali mkazi akuseka
ngati sanachapepo chibadwire.

Wanga ndinagula ku Limbe, m'sitolo yaikulu,
pa shelefu ya m'munsi, yoti uwerame.
Palibe mkazi, palibe duwa,
dzina la sitolo lokha, ndi mawu oti sopo waufa,
ngati mwana wobatizidwa mothamanga.

Lachiwiri lija, chiperoni chitakhazikika pa Luchenza,
ndinati lero ndiweruze mlanduwu.
Mabeseni awiri kuseri kwa nyumba,
madzi a mjigo umodzi,
mayunifolomu awiri, onse a Mayi,
onse akuda m'khosi,
onse ndi katondo kumpendero
womwe minibasi zimawathira akamaima pasiteji.
Pa batani la imodzi ndinamanga ulusi wakuda.

Wodula anachita thovu pompo, lodzitama,
kusefukira mpaka kumapazi,
fungo kudumpha mpanda
mpaka Fanesi anasuzumira: kodi kuli ukwati?
Wotchipa anayamba waganiza kaye.
Timiyala take tinakhala phee pansi pa beseni
kudikira ndititakase ndi dzanja,
kathovu kake ngati ka thobwa la dzana.

Ndinanyika. Ndinakasesa, ndinatsuka mbale, ndinabwerako.
Kutikita uku makumi awiri, uko makumi awiri,
kuwerenga mokweza kuti ndisakondere.

Ndinene zoona, poti mboni ndine ndekha.
Dontho la mafuta ophikira pathumba
wodula analichotsa ulendo umodzi.
Wotchipa anati bwereza,
ndipo onjezera supuni pamwamba.
Katondo sanafunse mtengo,
anachoka konsekonse atamva zala.
Ndipo zalazo, zong'aluka kale m'mphindi,
zinanyerenyetsa chimodzimodzi
uku ndi uku.

Masiku awiri pachingwe cha pakhonde osauma.
Chiperoni chinanyambita fungo lonse lija,
otsala anali utsi wa mbaula ndi chinyontho.
Mayi atabwera ku naiti, maso ofiira,
anakweza yoyamba pawindo, anakweza yachiwiri,
nati iyi ndiye yayera,
waona ubwino wa chinthu chodula?
Chala chawo chinali pambali pa ulusi wakuda.

Ndinati eya, Mayi.
Ulusiwo ndinaudula ndi mano posita.

Koma mlandu sunathere pomwepo.
Madzi otsala a beseni lodula sindinataye,
ndinanyikamo malaya a Filimoni wanga,
amene amasenza mikoko ya nthochi
kukweza m'malole kumsewu.
Utomoni wa nthochi!
Ndinaunyika mwa wodula usiku wonse,
m'mawa ndinaupatsa wotchipa,
ndinaukwecha pamwala mpaka nsalu kupyapyala.
Madontho ali pomwepo, oderapo,
kundiyang'ana ngati wangongole.
Pamenepo mkazi wa papaketi uja
ndinafuna ndimuitane abwere adzasekere pafupi.

Mwezi ukatha ndidzaweramanso pa shelefu ya m'munsi.
Yotsalayo ndi shuga, ndi mchere,
ndi theka la ulendo wobwerera.
Mutu wanga unagamula kale.

Mphuno yokha ndiyo ikukana chigamulo.
Lamulungu kutchalitchi Mayi akadutsa pa benchi yathu
kamphepo kamawatsatira pambuyo,
ndimadziwa kuti ndi manja anga achita zimenezo,
komabe ndimakoka mpweya pang'onopang'ono,
kenako ndimanunkhiza nsonga ya chitenje changa.
Chayera ndithu.
Sichinunkhira kanthu, madzi okha.