Chala Chimodzi Kuchoka ku Khoma

Mvula ya ku Hull yagogoda zenera kuyambira m'mawa.
Desmond Ackroyd wagwada pa kapeti, tepi yoyezera kukamwa,
akusuntha sipika ya kumanzere chala chimodzi
n'kuibwezanso.

Masipika ake, a maomu khumi ndi asanu,
anagula mu 1979 ndi ndalama za ukwati umene unalephereka.
A maomu khumi ndi imodzi, atsopano pa dzina lokha,
wabwera nawo Maureen Tranmer
atawakulunga m'majuzi a malemu mwamuna wake.

"Anuwa besi yake yanenepa, ikuyenda chokhuta."
"Anuwo mawu a mkazi amawathira tsabola."
"Asendezeni, atalikire khoma."
"Ayi, apendeketseni, aloze makutu."

Singano yatera pa chimbale, kuthetheka pang'ono,
kenako lipenga latulukira pakati penipeni
pomwe palibe bokosi, palibe waya,
mpweya wokhawokha.

Tiyi wazizira m'makapu.
Maureen watsinzina. "Awa ndiye eni ake. Ndi ati?"

Desmond wasuzumira mawaya kumbuyo:
walumikiza bokosi lake limodzi, linalo la malemu.
Sanayankhe.
Wangokweza pang'ono.