Kutera pa Chileka

Imazima malo amodzimodzi:
phiri la Michiru lili kumanzere, matayala nditatsitsa kale,
bwalo la Chileka likuoneka ngati lamba wotayidwa pa udzu,
basi, bii!
Galasi lada.
Fani yausa moyo kamodzi,
kenako kompyuta yadziyatsa yokha
n'kundifunsa dzina
ngati sitinachezere limodzi usiku wonse.

Bambo ali pampando wapulasitiki kumbuyo kwanga.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
anakankha ngolo za masutikesi pa Chileka pomwepo,
kulonga katundu wa eni m'mimba mwa ndege
osakwerako ngakhale kamodzi.
"Tagwa?" afunsa.
Ayi, Bambo, sitinagwe. Tangosowa.

Lolemba ndinati ndi fumbi.
Ndinamasula zomangira zinayi, chachisanu chinakana,
ndinapeza Chilomoni yense ali m'katimo:
dothi la Okutobala, ukonde wa kangaude, phiko la mphemvu.
Ndinapemerera ndi pampu ya njinga
mpaka kuyetsemula kwanga kunadzutsa galu wa aneba.
Inauluka mphindi khumi. Bii.

Lachiwiri ndinanamizira ESCOM,
nanga ndani sawanamizira?
Ndinazimitsa filiji, ndinaletsa mlongo wanga kusita.
Babu linali ngwee, lopanda mlandu.
Bii.

Lachitatu ndinaifukata mpaka ku Limbe,
kondakitala anailipiritsa mpando wakewake.
Che Saizi, m'kakhumbi kodzaza mawaya kuseri kwa msika,
anazula ramu n'kuikhula ndi labala wa pensulo,
anapaka kaphala kotuwa pa pulosesa,
nati: "Yatentha thupi iyi.
Ukuisenzetsa thambo lonse, mphwanga.
Chepetsa mitambo."

Ndiye ndinachepetsa.
Chiperoni chonse ndinachichotsa ndi batani limodzi.
Ndinafufuta mithunzi,
ndinadula mitengo kuposa owotcha makala,
ndinagumula Mbayani, Chirimba, Ndirande
popanda wolira ngakhale mmodzi.
Mzinda unatsala mbee, ngati chiguduli choyanikidwa.
Bambo anasendeza mpando:
"Nanga kwathu wakuika kuti?
Uyu si Kabula amene ndimamudziwa."
Ndipo ngakhale pamenepo,
Michiru kumanzere, bii.

Amene anamva ndi Bambo.
Makutu awo anakulira pansi pa mapiko,
amadziwa injini yodwala isanatsokomole.
"Leka kuyang'ana galasi," anatero.
"Tamvera kumbuyoko. Kamayamba kalira kasanafe."
Ndinagwada, khutu pachitsulo.
Zoonadi: kabokosi kogawa magetsi
kankaimba likhweru lowonda ngati udzudzu
ndege ikangoyamba kufuna mphamvu,
ndi kafungo ka pulasitiki wowauka
kamene sabata yonse ndinkayesa ndi zinyalala za aneba.

Lachisanu ndinagulitsa nsapato zanga zapaukwati wa msuweni.
Che Saizi anandipatsa kabokosi kena,
kakaunjika, kolemera ngati njerwa yootcha,
nati ndikabwerenso ndikwiye ndi wina, osati iwo.

Mitambo ndinabwezera theka.
Ndirande ndinamubwezera yense, ndi malata ake.

Michiru kumanzere.
Ndaleka kupuma.
Fani ikubuula, koma galasi lili moyo.
Midzi ya ku Chileka ikukula pansi pathu,
mzere woyera ukubwera, ukubwera,
matayala phu! Tadumpha. Phu! Tadumphanso,
takwekwereza phiko, tapatukira pa udzu,
taima.

Chete m'chipinda.
Kunja wina akukuwa malonda a mbatata yootcha.

Bambo anaimirira atagwira msana
monga ankaimirira ndege ikazimitsa injini,
anayenda mapazi awiri kulunjika kuchitseko,
nakumbukira kuti palibe katundu wotsitsa.

"Wateradi," anatero.
"Koma mazira a eni ake m'masutikesimo, mwanawe,
palibe latsala."

Anakhalanso pansi,
nakokera mpando pafupi ndi phewa langa.
"Iyatsenso.
Ulendo uno undiike pawindo."